Chipale Chisanasungunuke: Mabanja a ku Oslo ndi Nkhalango Yawo

Lamulungu m'mawa m'mwezi wa Malichi, sitima yamagetsi ya nambala 1 yochokera pakati pa mzinda wa Oslo, likulu la dziko la Norway, imadzaza ngati basi ya tsiku la msika. Kungoti katundu wake ndi wachilendo. Aliyense, kuyambira agogo aimvi mpaka kamwana ka sukulu ya mkaka, wagwirizira timatabwa tiwiri titalitali ndi ndodo ziwiri. Kumsana kuli chikwama, kumutu chipewa chaubweya. Sitimayo imayamba ulendo wake pansi pa nthaka, kenaka imatulukira poyera n'kuyamba kukwera phiri mokhotakhota. Imadutsa nyumba zamatabwa, imadutsa Holmenkollen pamene pali nsanja yotchuka yodumphirapo akatswiri a masewero, mpaka kukafika pa siteshoni yomaliza ya Frognerseteren, mamita 469 pamwamba pa nyanja yamchere. Ulendo wonsewo sukwana ola limodzi. Zitseko zikatseguka, mzinda watsala kumbuyo, ndipo kutsogolo kuli nkhalango yokhayokha, pansi ponse pali mbee.

Nkhalangoyi imatchedwa Nordmarka. Ndi gawo la nkhalango yaikulu yozinga mzindawu imene eni ake amangoitcha Marka, ya mahekitala pafupifupi 170,000. Kwa miyezi ingapo pa chaka imakutidwa ndi chipale chofewa. Chipalechi si matalala. Chimagwa mwakachetechete ngati thonje lopepuka, ndipo chifukwa cha kuzizira sichisungunuka, chimangosanjikizana mpaka kulekeza m'mawondo kapena kupitirira apo.

Chimene chimatulutsa mabanja ochuluka chotere m'Febuluwale ndi m'Malichi ndi dzuwa. M'Disembala, ku Oslo kumawala kwa maola asanu ndi limodzi okha, ndipo dzuwalo limangoyenda m'munsi ngati likuchita manyazi. Pofika pakati pa Malichi usana umatalika kufika pafupifupi maola khumi ndi awiri. Chisanu cholumaluma chija chimakhala chitachepa mphamvu, koma chipale chikadalipo, chitakhazikika bwino. Masabata amenewa ndi ochepa, ndipo aliyense amadziwa kuti sachedwa kutha. N'chifukwa chake sukulu za mumzindawu zimatsekera ana sabata yathunthu chakumapeto kwa Febuluwale, ndipo makolo ambiri amasungira masiku amenewo tchuthi chawo cha kuntchito.

Matabwa awiri ndi phula

Timatabwa tija ndiwo maski. Dzinali linachokera ku liwu lakale la anthu a kumpoto kwa Ulaya lotanthauza chikuni chong'aluliwa, ndipo poyamba chinalidi chipangizo cha ntchito: mlenje, mlimi wokatenga nkhuni ndi wamtengatenga ankachimanga kuphazi kuti asatitimire m'chipale. Lero maski amapangidwa ndi zinthu za m'fakitale zopepuka kwambiri, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Mabanja a m'sitima aja sakupita ku masewero otsetsereka pa phiri mwaliwiro amene amaonetsedwa pa wailesi yakanema. Awo ndi maski oyendera mtunda wautali. Ndi opyapyala, m'lifupi mwake ngati zala zitatu, ndipo nsapato imakoledwa chakuzala kokha, chidendene chili chomasuka. Munthu amayenda ngati akuponda njira wamba, koma phazi lililonse limatsetsereka patsogolo pang'ono, ndodo zikukankha kumbuyo. M'njira yokonzedwa bwino mumakhala timizere tiwiri tokumbika, totalikirana ngati mapazi a munthu, ndipo maski amayenda m'menemo ngati sitima pa njanji.

Chinsinsi chili kunsi kwa thabwalo. Pakati pake amapakapo phula lapadera loti ligwire chipale munthu akaponda, koma limasuke akatsetsereka. Phulali lili m'mitundu yosiyanitsidwa ndi utoto: lobiriwira ndi labuluu pozizira kwambiri, lofiira pamene kwayamba kufunda. Kumapeto kwa nyengo, chipale chikamasungunuka masana n'kuundananso usiku, pamafunika phala lomata ngati ulimbo lotchedwa klister, limene limadetsa magolovesi, mabuluku ndi mipando ya galimoto. Pa siteshoni ya Frognerseteren si chachilendo kuona bambo atawerama, akufunsa mlendo amene sanamuonepo kuti lero wapaka mtundu uti. Pano mwambi uja wa safunsa amene anadya phula umachita ngati unapekedwera komweko, pakuti wolakwitsa phula amabwerera m'mbuyo pa chitunda chilichonse, kapena amanyamula zibuma za chipale kumapazi mpaka atatopa. Zaka zaposachedwa mabanja ambiri agula maski okhala ndi kachikopa kaubweya kunsi, amene safuna phula logwira, ndipo mikangano ya m'mawa yachepa.

Njira imodzi imene mabanja amakonda imachoka pa Frognerseteren kupita ku nyumba yopumulirako ya Ullevålseter, kenaka kutsikira ku kanyanja ka Sognsvann kumene kuli siteshoni ina ya sitima. Ulendo wonse ndi makilomita khumi ndi pang'ono, ndipo gawo lalikulu ndi lotsika. Wamkulu wozolowera angautsirize mu ola limodzi ndi theka. Banja la ana aang'ono limatha tsiku.

Mwana wazaka zinayi amagwa kosawerengeka, ndipo chimene mlendo amadabwa nacho n'chakuti makolo sathamangira kukamudzutsa. Amaima pambali n'kumuuza modekha kuti abweze miyendo pamodzi, ayike maski mopingasa ndi chitunda, agwade, kenaka adzuke yekha. Pokwera amamuphunzitsa kutambasula nsonga za maski, n'kusiya m'chipale chizindikiro chimene Anorway amachitcha minga ya nsomba. Potsika amamuphunzitsa kukumanitsa nsongazo kutsogolo kuti achepetse liwiro, ndipo kaimidwe kameneko amakatcha pulawo, chifukwa kamakankha chipale monga khasu la ng'ombe likankhira dothi. Misozi imakhalapo ndithu. Koma lamulo losalembedwa la maulendo a mabanja ndi lakuti wamng'ono ndiye amalamula liwiro. Ngati waima kuti aone mapazi a kalulu kapena a mphalapala yaikulu ya m'nkhalangomo, onse amaima. Ngati ulendo wathera pa kilomita yachiwiri, wathera pomwepo, ndipo palibe amene walephera.

Amene amadzuka usiku

Timizere tiwiri tija sitimera tokha. Usiku kapena m'bandakucha, anthu akali m'tulo, makina okhala ngati thirakitala yoyenda pa malamba amalowa m'nkhalango, kuphwanya chipale cholimba, kuchisalaza ndi kudinda timizereto. M'nyengo yabwino, njira zokonzedwa chotere m'nkhalango yonse ya Marka zimafika makilomita pafupifupi 2,600. Zina, makamaka za kufupi ndi mzinda, zili ndi magetsi kuti anthu aziyendamo akaweruka kuntchito.

Ntchitoyi amagawana. M'nkhalango za khonsolo ya mzinda, khonsoloyo ndiyo imakonza. Mbali yaikulu ya kwinako ili m'manja mwa Skiforeningen, bungwe la anthu wamba limene linakhazikitsidwa mu 1883. Mbali yaikulu ya ndalama za mafuta ndi malipiro a oyendetsa makina imachokera ku zopereka za mamembala. Komabe pakhomo la njira palibe geti, palibe wolipiritsa, palibe wofunsa khadi. Wopereka ndi wosapereka amayenda m'mzere umodzi. Anthu ena amayendamo moyo wawo wonse osaponyapo kanthu, ndipo bungweli chaka chilichonse limawakumbutsa mwaulemu. Aliyense amene anasonkhetsapo ndalama zokonzera mjigo wa m'mudzi akulidziwa vuto limeneli. Chochititsa chidwi n'chakuti kwa zaka zambiri opereka akhala okwanira kuti makina asaime.

Palinso bungwe lina, Den Norske Turistforening, kapena DNT mwachidule, la mu 1868, limene lili ndi mamembala oposa 300,000 ndi tinyumba togona apaulendo toposa 500 m'dziko lonse. M'nkhalango ya Marka zizindikiro zofiira pa mitengo zimasonyeza njira za maski, zabuluu zimasonyeza njira zoyenda pansi chipale chikatha. Zambiri mwa ntchito zopaka utoto, kudula tchire, kukonza milatho ndi kupalira nkhuni za m'tinyumba zimagwiridwa ndi anthu ongodzipereka. Anorway ali ndi liwu lake la ntchito yotere, dugnad, ndipo amalinyadira ngati chuma cha fuko. Kuyambira mu 1999 bungweli lilinso ndi nthambi ya ana, Barnas Turlag, imene makolo a m'dera amayendetsa okha, kukonza timaulendo tifupitifupi toyenera miyendo ing'onoing'ono.

Munda wa mwini pansi pa chipale

Funso limene mlimi aliyense angafunse ndi lakuti: kodi malo onsewa ndi a yani? Yankho lake ndi lakuti ali ndi eni. Gawo lina ndi la khonsolo, gawo lalikulu la Nordmarka ndi la banja la Løvenskiold limene limadulamo mitengo ya matabwa, ndipo m'zigwa ziwiri zolowera m'nkhalangoyi, Sørkedalen chakumadzulo ndi Maridalen chakum'mawa, muli alimi enieni okhala ndi minda, makola ndi msipu. Njira za maski zimadutsa m'malo a onsewa.

Chimene chimalola zimenezi ndi mwambo wakale wotchedwa allemannsretten, ufulu wa munthu aliyense, umene unalembedwa kukhala lamulo mu 1957. Lamulolo limagawa nthaka pawiri. Malo osalimidwa, monga nkhalango, mapiri, madambo ndi magombe, ndi otsegukira aliyense chaka chonse, kaya mwini wake ndi ndani. Munthu angayendemo, angathyole zipatso zakutchire ndi kuzula bowa, angamange tenti kwa masiku awiri, malinga atalikire mamita 150 kuchokera pa nyumba yokhalamo anthu. Malo olimidwa ndi a pakhomo ndi nkhani ina. Amenewo ndi otsekedwa.

Koma pali kachigawo kamodzi kamene kamakhudza mlimi mwachindunji. Nthaka ikauma ndi chisanu kapena ikakutidwa ndi chipale, munda umatseguka. Aliyense angaudutse pansi kapena pa maski popanda kupempha. Ufulu umenewu uli ndi masiku ake: kuyambira pa 30 Epulo mpaka pa 14 Okutobala munda ndi woletsedwa, ngakhale chipale chitagwa mochedwa. Bwalo la pakhomo ndi dimba lotchingidwa sizitseguka nthawi iliyonse. Ndipo mlimi ali ndi mphamvu yoletsa anthu kudutsa pamene anafesa mbewu chisanu chisanayambe, pamene anadzala kumene udzu wa ziweto kapena timitengo tating'ono, ngati kudutsako kungawononge. Amene analemba lamuloli ankaidziwa kalendala ya mlimi. Anaona kuti munda wogona pansi pa chipale sutaya kanthu phazi likaupondaponda, koma munda womera umataya zonse.

M'dziko limene nthaka yolimika ndi magawo atatu okha pa zana, nkhani imeneyi si yamasewera. Ndipo kunena zoona, phazi limodzi ndi losiyana ndi makina olemera. Chipale chimene chatsenderezedwa ndi makina ndi anthu zikwizikwi chimasanduka madzi oundana, chimachedwa kusungunuka, ndipo chingathe kutsamwitsa udzu umene uli pansi. Mlimi angapeze m'Meyi mzere wofiirira ukudutsa pakati pa msipu wake wobiriwira. N'chifukwa chake ufulu wa munthu woyenda superekanso ufulu kwa makina: njira yokonzedwa imadutsa m'munda pokhapokha mwini atavomera, ndipo amakambirana podzera, nthawi yoyambira ndi yolekera. Madandaulo samasowa. Ena amasiya mageti otsegula, ena amaimika magalimoto potsekereza thirakitala, ena amamasula agalu. Lamulo limanena kuti kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 20 Ogasiti galu aliyense akhale pa chingwe, chifukwa imeneyo ndi nthawi imene nyama zakutchire ndi nkhosa zimakhala ndi ana. Ufulu wonsewu waima pa mawu amodzi a m'lamulo, akuti woyenda achite zinthu moganizira ena ndi mosamala. Ana amaphunzira zimenezi pamodzi ndi pulawo uja: geti utseke monga walipezera, chinyalala chibwerere m'chikwama.

Nkhalangoyo payokha inalandira chitetezo china mu 2009, pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera la Marka. Linaika malire amene mzinda suyenera kuwadumpha ndi nyumba zake. Kulima ndi kudula mitengo kumapitirira, koma kumanga kumafuna chilolezo chovuta kupeza. Oslo ndi mzinda wokula msanga, wodula nyumba, ndipo mawu oti malirewo asunthidwe amamveka kawirikawiri. Chimodzi mwa zifukwa zimene malirewo sasunthira chili m'chigwa cha Maridalen: nyanja ya Maridalsvannet, imene imapereka madzi ambiri amene mzindawu umamwa. M'menemo kusambira n'koletsedwa.

Lalanje pa chitsa

Chapakati pa ulendo banja limapatuka. Ena amalowa ku Ullevålseter kapena ku nyumba zina zotere, kumene amagula koko wotentha ndi mikate yopyapyala yopakidwa jamu, maski ataimikidwa panja mazanamazana popanda mlonda. Ena amasankha malo oyang'ana kudzuwa, kukumba kampando m'chipale, kuyalapo kachikopa kapena kamphasa kuti chinyezi chisalowe, n'kukoleza moto wowotchera masoseji pa timitengo. Nkhuni ambiri amabwera nazo m'chikwama, chifukwa kudula mtengo wamoyo si gawo la ufulu uja. Motowo nawo uli ndi kalendala yake. Kuyambira pa 15 Epulo mpaka pa 15 Seputembala kuyatsa moto m'nkhalango kapena pafupi nayo n'koletsedwa, kotero masabata otsiriza a chipale ndiwonso otsiriza a moto wa m'tchire.

M'chikwama simusowa zinthu ziwiri: lalanje ndi chokoleti cha Kvikk Lunsj, chimene kampani ya Freia inayamba kupanga mu 1937. Malalanje samera ku Norway, amachokera kumaiko ofunda monga Spain, koma alowerera mwambo wa chipale kotero kuti fungo la khungu la lalanje limakumbutsa Mnorway aliyense ubwana wake. Makolo anzeru amadziwanso ntchito ina ya chokoleticho. Amachigawa pang'onopang'ono, chidutswa chimodzi pa chitunda chilichonse chimene chagonjetsedwa.

Kavalidwe ndi nkhani ya moyo, osati ya maonekedwe. Pakhungu pamakhala chovala cha ubweya wa nkhosa, chimene chimafunditsa ngakhale chitanyowa ndi thukuta, pamwamba pake china, ndipo kunja chotchinga mphepo. Poyenda amavula, poima amavala. Thonje amalipewa chifukwa likanyowa limaziziritsa thupi. Ndipo dzuwa la Malichi, likamanyezimira pa chipale, limatentha nkhope ndi kupweteka maso, kotero magalasi akuda ndi mafuta oteteza khungu ndi zofunika ngati magolovesi.

Si onse amene amabwera ndi maski. Kumapeto kwa nyengo, njira za m'munsi zimayamba kuonetsa miyala ndi matope, ndipo oyenda pansi amachuluka. Njira yozungulira Sognsvann, ya makilomita atatu ndi pang'ono, imadzaza ndi amayi okankha tingolo ta ana, okalamba ovala timisomali kunsi kwa nsapato kuti asaterereke, ndi ana oponyerana chipale. Pamene magulu awiriwa akumana pamabuka timikangano, pakuti nsapato imodzi yoponda m'timizere tija imawononga ntchito ya usiku wonse. Pamakhalanso chiopsezo chimene chimakula dzuwa likamakwera. Nyanja zoundana zimene m'Januwale anthu ankazidutsa mosaopa zimayamba kufooka, makamaka pamene mtsinje ukulowa kapena kutuluka. Pamwamba pamaoneka chimodzimodzi ndi dzulo, koma pansi madzi adya kale.

Khanda pa chileyi

Wamng'ono kwambiri pa ulendowu sayenda. Amagona m'kachileyi kooneka ngati bwato, kotchedwa pulk, atakulungidwa m'chikopa cha nkhosa, bambo kapena mayi akukoka ndi lamba wa m'chiuno. Malangizo amene makolo amapatsidwa ndi akuti khanda lisakwere lisanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi, ndiponso lisatuluke kukazizira kupitirira madigiri 10 pansi pa ziro, chifukwa wokoka amatuluka thukuta pamene wokokedwa wangogona phee. Pakapita kanthawi kholo limaima n'kupisa chala m'khosi mwa mwanayo kuti limve ngati akufunda.

Chithunzi cha khanda lonyamulidwa pa maski chili pakatikati pa mbiri ya dzikoli. Mu 1206, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, asilikali awiri a gulu la Birkebeiner, Torstein Skevla ndi Skjervald Skrukka, anathawitsa kamwana kachifumu, Håkon Håkonsson, kudutsa mapiri m'nyengo yozizira kuchokera dera la Lillehammer, adani akukafunafuna. Mwanayo anapulumuka ndipo anadzakhala mfumu mu 1217. Kuyambira mu 1932, m'mwezi wa Malichi mumachitika mpikisano wa makilomita 54 kuchokera ku Rena kupita ku Lillehammer, ndipo aliyense amabereka chikwama cholemera makilogalamu 3.5 pokumbukira mwanayo. Mu 2007 ndi mu 2014 mpikisanowo unalephereka chifukwa cha mphepo ya m'mapiri, ngakhale anthu zikwizikwi anali atafika kale.

Mapiriwo ndi osiyana ndi nkhalango ya Oslo. Kulibe mitengo yotchinga mphepo, kulibe siteshoni ya sitima pafupi. Kumeneko n'kumene mabanja ena amapita pa Isitala, chipale cha m'munsi chikatha, ngakhale Anorway ambiri amatsala kwawo. Nthawi imeneyo njira za m'mapiri zimazikidwa timitengo motsatizana kuti munthu azione m'chifunga, ndipo tinyumba tina ta DNT timakhala ndi nkhokwe ya zakudya yopanda wogulitsa: mlendo amatenga chimene akufuna, amalemba yekha, n'kulipira pambuyo.

Pa Isitala wa mu 1967 nyengo inasintha mwadzidzidzi m'mapiri, ndipo anthu 18 anafa. Tsokalo litachitika, DNT ndi bungwe la Red Cross la m'dzikomo anafalitsa mwamphamvu malamulo a nzeru za m'phiri, amene anayamba kulembedwa mu 1952 ndipo anakonzedwanso mu 2016. Alipo asanu ndi anayi, ndipo ana amawadziwa ali aang'ono. Amanena zinthu zosavuta: uuze anthu kumene ukupita, ulendo ufanane ndi mphamvu zako, umvere za nyengo ndi za chigumukire cha chipale, utenge mapu ndi kampasi, usunge mphamvu n'kufuna pobisala zinthu zikavuta. Limene limatchulidwa kwambiri ndi lonena kuti munthu abwerere nthawi ikadalipo, pakuti kubwerera si chamanyazi. M'dziko lonyadira Fridtjof Nansen, amene anadutsa chisumbu cha Greenland pa maski mu 1888, n'zopatsa chidwi kuti phunziro limene amalimbikira kupatsa mwana ndi la kudziwa polekera.

Otsala m'mbuyo, ndi chipale chothawa

Anorway amakonda kunena kuti amabadwa ndi maski kumapazi. Mawuwa ndi okoma, koma amabisa kanthu. Njira ndi yaulere, zida si zaulere, ndipo mwana amakula phazi chaka chilichonse. Mabanja osauka, ndiponso mabanja amene anachokera kumaiko ena monga Somalia, Pakistan kapena Eritrea, nthawi zambiri alibe maski m'chipinda chosungira katundu, alibenso agogo oti awaphunzitse. Tsiku limene sukulu yonse ikupita ku chipale, mwana wotero amatha kunamizira kudwala. Pofuna kuthana ndi zimenezi, m'matauni ambiri muli malo obwereketsa zida kwaulere, ambiri mwa iwo ali pansi pa bungwe la BUA. Amagwira ntchito ngati laibulale: munthu amalembetsa, amatenga maski, nsapato ndi ndodo, n'kubweza pakatha masiku angapo. Misika ya zida zakale imene timagulu ta masewero timakonza nyengo isanayambe imathandizanso. Mpata sunatsekeke, koma mwana amene wabwereka maski kamodzi wadziwa kale siteshoni yotsikira.

Vuto lina palibe bungwe limene lingalibwereketsere mankhwala. Nyengo yozizira ikufupika. Okalamba a ku Oslo amakumbukira akumanga maski pakhomo pawo penipeni, pamene lero zaka zambiri amayenera kukwera sitima kapena basi kuti akapeze chipale kumtunda. Mvula imagwa m'miyezi imene kale kunkagwa chipale chokha. Nyengo ya 2019 mpaka 2020 inali yofunda kwambiri, ndipo m'madera otsika njira zambiri zinakhala zakuda kwa masabata ochuluka. M'Januwale wa 2020 womwewo, ku Lørenskog, kunja pang'ono kwa mzinda, kunatsegulidwa chinyumba chachikulu chotchedwa SNØ chokhala ndi chipale chopangidwa ndi makina chaka chonse. Ku Holmenkollen ndi malo ena amapoperanso chipale cha makina pa timabwalo tating'ono. Akatswiri a mpikisano amapeza pochitira masewero awo. Koma chipale cha m'nyumba chili ndi mtengo wolowera, mulibe mapazi a kalulu, ndipo simungakolezedwe moto. Alimi a m'zigwa zija nawonso amaona kusinthaku mwanjira yawo, pakuti chipale ndi bulangeti la munda, ndipo mvula yogwa pa nthaka youndana imasiya ganga la madzi oundana limene limapha udzu kuposa makina aja.

Madzulo a Lamulungu, banja lija limatsikira ku Sognsvann, mwana wazaka zinayi ali m'tulo pa chileyi pamodzi ndi mng'ono wake, maski ake atamangidwa pa chikwama cha mayi. Pa siteshoni anthu amagogoda nsapato kuchotsa chipale, ndipo m'sitima mumanunkhira utsi, ubweya wonyowa ndi malalanje.

Pakangopita masabata ochepa, mitsinje imayamba kusokosera pansi pa chipale, makina amabwezedwa m'magalaja, ndipo zizindikiro zabuluu zimatenga malo a zofiira. Ku Sørkedalen mlimi amatuluka kukayendera munda wake. Pena amatola golovesi la mwana, pena nsonga yothyoka ya ndodo. Nthaka yonse yada kale, kupatula kamzere kamodzi koyera kodutsa pakati, pamene panali njira, kamene kamasungunuka pomalizira. Pa 30 Epulo mundawo umatsekeka, ndipo iye amayamba kupima ndi phazi ngati dothi lauma mokwanira kuti thirakitala ilowe.